Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zaumoyo: Shuga Sayezedwa pa Chala Pokha

Olemekezeka Nduna ya Zaumoyo,
Capital Hill,
Lilongwe.

Olemekezeka,

Pepani kuti ndakulemberani poyera chonchi, ngati kuti khomo la ofesi yanu sindikulidziwa. Ndachitira dala. Nkhani ndili nayoyi ndi ya anthu ambiri, ndipo anzanga amene ndimakhala nawo pa benchi la kiliniki ya shuga sangakwere basi kubwera ku Capital Hill. Akamva kuti kalatayi yawerengedwa, adziwa kuti nawonso alankhula.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Anandipeza ndi matenda a shuga m'chaka cha 2011, nditatha miyezi ndikumwa madzi ngati ng'ombe ya m'chilimwe, usiku ndikudzuka kasanu kukataya madzi, lamba akunka nalowa mabowo atsopano. Kuyambira pamenepo ndimamwa metformin m'mawa ndi madzulo, ndipo patapita zaka anandiwonjezera jakisoni wa insulin. Kabuku kanga kakuchipatala ndi kachinayi tsopano. M'timabuku tonse tinayi muli manambala a shuga, a BP, a pa sikelo, ndi zolemba za madokotala zimene amatha kuwerenga ndi iwo okha. Mulibe tsamba ngakhale limodzi pomwe wina analemba kuti munthuyu sakugona tulo, kapena kuti wataya mtima. Kalata yanga yagona pamenepo.

Ndikudziwa kuti mpando mwakhalawo wakhalapo anthu angapo chiyambire mliri wa Covid-19, choncho sindikuloza munthu chala. Ndikulankhula ndi ofesi, chifukwa anthu amasintha koma ofesi ndi imene imasunga phunziro.

Mukukumbukira momwe zinayambira. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Sukulu zinatsekedwa, misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa. Pa 2 Epulo tinamva kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi kachilomboka ku Lilongwe. Kuchokera apo wailesi inkatiwerengera manambala tsiku ndi tsiku: apezeka angati, achira angati, atisiya angati. Ndipo mauthenga ambiri ankathera pa mawu amodzimodzi, akuti amene ali pachiopsezo chachikulu ndi okalamba ndi omwe ali ndi matenda amgonagona monga shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mphumu.

Mawuwo anali oona, sindikuwatsutsa. Wodwala shuga akagwidwa ndi Covid amadwaladi kwambiri kuposa anzake. Koma taganizani kuwamva kwa zaka ziwiri uli iwe amene ukunenedwayo. Mkazi wanga ankatsitsa wailesi ikafika pamenepo. Adzukulu analetsedwa kulowa kuchipinda kwanga, ankangondipatsa moni pawindo. Tsiku lina m'dera lathu mutagwa maliro, mnansi wina pofuna kundilimbitsa mtima anati, "Musadandaule aphunzitsi, ujatu anali ndi shuga." Atazindikira chimene wanena anangoyang'ana pansi n'kutsanzika. Mawu akuti "anali ndi shuga" anasanduka chitonthozo cha anthu athanzi, chowauza kuti imfayi ili ndi eni ake. Eni akewo tinali ife, ndipo tinkamva.

Kusamba m'manja, kuvala masiki, kukhala motalikirana, zonsezo zinali za aliyense ndipo tinatsatira. Zokhudza ife eni ake ine sindinazimve: momwe tingapezere mankhwala osapanikizana pamzere, chimene tichite tikadwala n'kulephera kudya, kapena amene tingamuimbire mtima ukayamba kuthamanga pakati pa usiku. Tinapatsidwa mantha, n'kutisiya kuti tidziwe tokha kowasunga.

Wina anganene kuti mantha ndi nkhani ya m'mutu, pamene shuga ndi nkhani ya m'magazi. Inu muli ndi madokotala okuzungulirani, akuuzani kuti mutu ndi magazi zili m'thupi limodzi. Munthu akakhala ndi nkhawa, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol ndi adrenaline, timene timauza chiwindi kuti chithire shuga m'magazi, ngati kuti munthuyo akukonzekera kuthawa chilombo. Wathanzi, kapamba wake amatulutsa insulin n'kubweza zinthu m'malo mwake. Ife kapamba wathu ndi wofooka, kapena thupi silimvera bwino insulin, ndiye shugayo amangokhala m'magazimo. Kusowa tulo kumachitanso chimodzimodzi. Ndinaziona ndekha m'nyengo yozizira ya 2020: ndinkadya mosamala kuposa kale lonse, koma manambala anali okwera kuposa kale lonse.

Chachikulu koposa ndi ichi. Shuga ndi ntchito yopanda tchuthi. Dokotala amakuona mphindi zochepa pa mwezi kapena pa miyezi itatu, masiku ena onse dokotala ndi iwe mwini. Uyenera kukumbukira mapiritsi pa nthawi yake, kudzibaya pamimba kapena pantchafu, kudya usanachedwe, kuchepetsa mitanda ya nsima pamene anzako akuwonjezera, kukana Fanta pa ukwati ndi thobwa lotsekemera pa chinkhoswe, kuyenda ndawala, ndi kuyang'ana mapazi usiku uliwonse ngati mwalowa munga umene sunaumve. Ntchito yonseyi imatheka ndi munthu amene akufunabe kuona mawa. Wokhumudwa sadzuka kukayenda. Amayang'ana botolo la mankhwala n'kunena kuti ndimwa kenako. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anasonyeza kalekale kuti matenda okhumudwa amagwira odwala shuga pafupifupi kawiri kuposa anthu ena. Ziwirizi zimadyetsana: kukhumudwa kumakweza shuga, shuga akakwera thupi limafooka, maso amachita chidima, ndipo munthu amakhumudwa koposa.

Ndipo sitili ochepa. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wanu unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, 5.6 pa 100 alionse anali ndi shuga, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Amenewa ndi alimi, aphunzitsi, oyendetsa minibasi, amayi a pamsika, anthu amene akudyetsa mabanja.

Mliri usanabwere tinali ndi mankhwala ena amene salembedwa m'kabuku. Tsiku la kiliniki timalawirira m'bandakucha opanda kanthu m'mimba kuti akatiyeze bwino, ndipo timakhala pa benchi maola angapo. Pa benchi pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira zambiri za matenda anga. Mayi wina ndi amene anandiphunzitsa kuika kagalasi pansi poyang'ana kuphazi. Bambo wina anandichenjeza kuti ndisamayende wopanda siwiti m'thumba. Tinkaseka za mgaiwa umene ana athu amaukana, tinkafunsana za amene sanabwere. Munthu unkachoka pamenepo ukudziwa kuti suli wekha. Covid itafika, benchi linapanga mipata. Ena anauzidwa kuti atumize wachibale kukatenga mankhwala. Ena anangosiya okha, chifukwa mphekesera zinali ponseponse zoti ukangotsokomola pa chipatala akutengera ku tenti, ndipo ukafera kumeneko abale ako sadzakuonanso nkhope. Mapemphero, maliro, banki m'khonde, bawo pansi pa mtengo, zonse zimene zinkatitulutsa m'nyumba zinachepa nthawi imodzi. Tinakhala pa mpando tsiku lonse, miyendo ikutupa, pakamwa pakufuna chotafuna chifukwa chosowa chochita.

Kenako inafika Januwale 2021. Pa 12 mwezi umenewo, tsiku limodzi, nduna ziwiri, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, zinamwalira ndi Covid-19, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la masewero la Bingu ndi nyumba ya boma ya ku Zomba zinasandutsidwa malo ogonekamo odwala. Ife tinkaimbirana mafoni n'kumafunsana kuti ngati akuluakulu otere akupita, ife ndife yani.

M'mwezi womwewo ndinataya mnzanga, mmisiri wa matabwa, amene tinakhala limodzi pa benchi zaka zisanu ndi ziwiri. Anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, nalephera kudya. Anaganiza kuti popeza sakudya, asiyenso kudzibaya insulin. Mkazi wake atamupempha kuti apite kuchipatala anakana, poopa tenti ija. Tsiku lachinayi anamunyamula atakomoka, akupuma mwakuya, mpweya wake ukumveka ngati zipatso zakupsa kwambiri. Atamuyeza anapeza kuti alibe Covid. Chinamupha ndi asidi amene amadzaza m'magazi thupi likasowa insulin, vuto limene madokotala amalitcha ketoacidosis. Pa maliro mkazi wake anandiuza kuti kwa milungu ingapo mwamuna wakeyo ankangokhala mu shedi yake osagwira sowo kapena nyundo, osalankhula, usiku akungotembenuka. Pakhomo ankati ndi maganizo a ndalama, atha okha.

Mnzangayo sanawerengedwe pa wailesi. M'mabuku a boma sali m'gulu la ophedwa ndi mliri. Koma ine ndimati mliri ndi umene unamutenga, unangolowera khomo la mantha. Ndipo chimene chikanamupulumutsa ndi chiganizo chimodzi chimene namwino aliyense wa kiliniki ya shuga amachidziwa: wobaya insulin sasiya kubaya akadwala, ngakhale asakudya, chifukwa matenda ambiri amakweza shuga, amwe madzi ambiri, ayeze pafupipafupi, ndipo akasanza mobwereza athamangire kuchipatala kuti akamusinthire mlingo. Chiganizo chimenechi chikanakwana m'masekondi makumi awiri pa wailesi, pambuyo pa manambala aja.

Pomwe boma linasiya mpata, WhatsApp inadzazapo. Mafoni anasefukira ndi malangizo a jinja, mandimu, adyo ndi uchi, kuphatikizapo kufukiza masamba a bulugamu. Ambiri a ife tinamwa uchi katatu patsiku, kuiwala kuti uchi ndi shuga yemweyo. Ena anasiya mapiritsi n'kuyamba nimu. Ena anaika mapazi pafupi ndi mphika wa madzi owira atafunda bulangete, chonsecho shuga anawapha kale mitsempha ya kumapazi moti kutentha sakumva. Ndinamvanso anthu akulangizana kugula dexamethasone, mankhwala amene ofufuza a ku Britain anasonyeza mu Juni 2020 kuti amapulumutsa odwala Covid amene ali pa mpweya, koma amene amakweza shuga koopsa akamwedwa mwachisawawa. Sitinali mbuli, Olemekezeka. Munthu wamantha amagwira chilichonse chimene chili pafupi.

Nkhani ya katemera inationetsanso chimodzimodzi. Atafika mu Malichi 2021, ife a matenda amgonagona tinali m'gulu loyamba kuitanidwa, koma mphekesera zinati katemerayo ndiye atimaliza msanga. Mu Meyi chaka chomwecho dziko linawotcha katemera woposa 19,000 atatha mphamvu asanabayidwe. Ine ndinabayitsa chifukwa namwino amene wakhala akundiyeza kwa zaka zambiri anandionetsa paphewa pake n'kunena kuti, "Aphunzitsi, inenso ndabayitsa, ndipo ndili pano." Zikwangwani zonse za m'misewu sizinandifike pamtima ngati mawu amenewo.

Pamwamba pa mantha panali umphawi. M'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18 Epulo 2020 unaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu, anthu atadandaula kuti osauka adzadya chiyani. Ngakhale zinatero, geni inalowa pansi, ana athu ena anachotsedwa ntchito, ndipo a ku Joni amene ankatumiza kangachepe anabwerera chimanjamanja. Wodwala shuga amauzidwa kuti achepetse nsima, achulutse ndiwo zamasamba, nyemba ndi nsomba. Ndalama zikasowa, chimene chimatsala pakhomo ndi nsima yaikulu ndi ndiwo zongolawa. Timapepala toyezera shuga kunyumba timagula tokha ku famase, ndipo mankhwala akasowa kuchipatala amatilembera kuti tikagule. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuzimazima kunakula, ndipo insulin yanga ndinaichotsa mu firiji n'kuiika mu mtsuko wokwiriridwa mu mchenga wonyowa, monga amachitira anzathu akumudzi. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mtengo wa timapepala tija n'kukwera. Titamva mu 2021 kuti mwa K6.2 biliyoni ya Covid ina inathera m'maalawansi ndi m'njira zosalongosoka, ine ndinkangowerengera m'mutu kuti alawansi ya tsiku limodzi ikanagula timapepala tingati.

Umphawi wa wodwala umabala manyazi. Ndamva amuna akuluakulu akunena motsitsa mawu kuti, "Ndikungowamalizira ana ndalama." Mawu amenewa ndi oopsa kuposa nambala iliyonse ya pa makina. Apolisi ananena kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha m'dziko muno, poyerekeza ndi 116 pa miyezi yomweyo mu 2019, ndipo ambiri anali amuna. Chiwerengerocho ndi cha amene imfa yawo inafika ku polisi. Wodwala shuga akataya mtima, nkhani yake siifika ku polisi. Amangosiya mankhwala mwakachetechete, ndipo pa maliro timamva kuti impso zinasiya kugwira ntchito, kapena kuti anachita sitiroko.

Nanga munthu wotere akanapita kuti? Boma lili ndi chipatala chachikulu chimodzi cha matenda a m'maganizo, ku Zomba, kuwonjezera pa ntchito imene a St John of God amagwira ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi anamwino ochepa a ntchitoyi m'zipatala za maboma. Mliri unatipeza tikuyendera lamulo la matendawa la 1948, lolembedwa nthawi ya atsamunda, komanso gawo 229 la malamulo a milandu limene linkati woyesa kudzipha ndi wolakwa. Ndipo mukudziwa chimene Mmalawi amamva munthu akati "apite naye ku Zomba". Gogo wodwala shuga sangagogode pakhomo limene anthu amati ndi la amisala. Iye sanena kuti ndakhumudwa. Amati, "Ndikuganiza kwambiri," kapena "Mtima ukundithamanga," kapena "Paliwombo pakutentha, thupi lonse likuphwanya." Pamzere wautali, dokotala wotopa amamulembera panado n'kuitana wotsatira. Thandizo la maganizo likafuna kutipeza, liyenera kubwera pa benchi pomwe takhala kale.

Chondilimbitsa mtima polemba n'chakuti zida zake tili nazo m'dziko momwe muno. Pali mafunso asanu ndi anayi otchedwa PHQ-9 ofufuzira matenda okhumudwa, amene anamasuliridwa m'Chichewa, nayesedwa pa odwala shuga m'makiliniki a ku Lilongwe, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2019. Awiri oyamba okha, lofunsa ngati munthu wasiya kusangalala ndi zimene ankakonda ndi lofunsa ngati wakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo, satenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Kwa anansi athu ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza munthu kumasula mavuto ake limodzilimodzi. Ashona vutoli amalitcha kufungisisa, kumene kuli kuganiza kwambiri komwe timanena kuno, ndipo njira yawoyo yayesedwanso m'makiliniki ena a kuno kwathu. Ku Neno, Unduna wanu pamodzi ndi Abwenzi Pa Za Umoyo unasonyeza kuti wa HIV, wa shuga, wa BP, wa khunyu ndi wa matenda a m'maganizo angathe kuthandizidwa pa kiliniki imodzi, tsiku limodzi. Anzathu a ma ARV amene akupeza bwino amalandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, ndipo wina akasowa pamakhala omulondola mpaka pakhomo. Tili ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chomwe munthu amaimba mwaulere pa 54747. Tili ndi alangizi a zaumoyo amene amadziwa khomo lililonse m'mudzi. Chimene chatsala ndi kulumikiza zimenezi ndi kuziika m'ndondomeko yokhala ndi ndalama zake.

Choncho, Olemekezeka, ndili ndi zopempha zisanu ndi chimodzi.

Choyamba, mafunso awiri aja afunsidwe kwa wodwala shuga aliyense pa tsiku la kiliniki, pa zipatala za boma ndi za CHAM zomwe, ndipo yankho lilembedwe m'kabuku pambali pa nambala ya shuga ndi BP. Wopezeka ndi vuto aonedwe tsiku lomwelo, pamalo omwewo, asapatsidwe kalata yopita kutali imene akaipinde n'kuiika pansi pa mphasa.

Chachiwiri, phunzitsani alangizi ochokera pakati pathu. Pa benchi lililonse pali aphunzitsi ndi anamwino opuma ntchito, amayi a Mvano, a Dorika, a m'magulu a Chikatolika ndi a Chisilamu, anthu amene akhala ndi shuga zaka zambiri ndipo amadziwa kumvetsera. Gwirani ntchito ndi bungwe la Diabetes Association of Malawi kuti kiliniki iliyonse ikhale ndi anthu otere, odziwa malire a ntchito yawo ndi nthawi yopereka munthu kwa dokotala.

Chachitatu, lembani m'malamulo a nthawi ya ngozi kuti wodwala shuga amene akupeza bwino azilandira mapiritsi a miyezi yosachepera itatu, ndipo wobaya insulin azilandira majakisoni ndi timapepala toyezera. Zimenezi zimafuna kuti Central Medical Stores Trust ikhale ndi nkhokwe yosungiratu, pamodzi ndi mankhwala a matenda okhumudwa monga fluoxetine ndi amitriptyline, kuti azipezeka mpaka pa zipatala zazing'ono. Palibe uphungu umene ungakhazike mtima wa munthu amene watsala ndi mapiritsi a masiku awiri.

Chachinayi, tipatseni tsamba limodzi la malangizo a tsiku lodwala, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, lomatidwa m'kabuku ndi lowerengedwa pa wailesi za m'madera. Linene za kusasiya insulin. Linene kuti thukuta, kunjenjemera, njala yadzidzidzi ndi chizungulire ndi zizindikiro za shuga wotsika, ndipo kuti timasupuni titatu ta shuga m'madzi tingapulumutse munthu amene akutha kumeza. Linenenso poyera kuti kusowa tulo, kusafuna kuonana ndi anthu ndi kuganiza zoti bola kufa ndi matenda ochizika, ndipo litchule kopita.

Chachisanu, Chipatala Cha Pa Foni chikhale ndi anthu odziwa za shuga ndi za uphungu usana ndi usiku, ndipo kiliniki iliyonse ipatsidwe mayunitsi oimbira amene wadumphitsa tsiku lake. Wopanda foni, mlangizi wa zaumoyo amuyendere. Mnzanga uja akanaimbiridwa kamodzi kokha, mwina bwenzi lero akupalabe matabwa.

Chachisanu ndi chimodzi, mliri wina ukadzabwera, komiti yolemba mauthenga idzakhale ndi wodwala matenda amgonagona pakati pake. Lamulo lake likhale lakuti amene watchula gulu la anthu kuti lili pachiopsezo, anenenso pomwepo chimene anthuwo achite. Ndipo powerenga ovulala ndi mliri, muziwerenganso amene asowa ku makiliniki a shuga ndi BP mwezi umenewo, chifukwa kumeneko n'kumene maliro ena amayambira.

Ndisaiwale anamwino ndi madokotala. Ndinawaona akugwira ntchito maso ali ofiira, ena akukanizidwa kukwera minibasi chifukwa anthu ankati atipatsira kachilombo, ena iwo eni ali ndi shuga. Amene mumutume kuti azitifunsa za mtima wathu, nayenso pakhale womufunsa.

Musaganize kuti ife tangopinda manja kudikira boma. Titaika mnzathu uja m'manda, asanu ndi mmodzi a pa benchi lathu tinapangana kuti aliyense aziimbira mnzake mmodzi Lachitatu ndi Loweruka, ndipo funso loyamba lisakhale la shuga, likhale lakuti wagona bwanji. Tinayambanso kuyenda awiriawiri m'mawa dzuwa lisanatuluke, motalikirana. Ndinalima bonongwe, mpiru ndi nkhwani kuseri kwa nyumba, ndiwo zinapezeka ndipo khasu linandipatsa thukuta. Manambala a pa wailesi ndinayamba kuwamva kamodzi patsiku, masana, osati pokagona. Patatha miyezi itatu shuga wanga anatsika popanda kusintha mlingo wa mankhwala. Mutu umodzi susenza denga, ife tinaona ndi maso. Koma tinali asanu ndi mmodzi okha, okhala ndi mafoni, odziwa kuwerenga. Gogo wa kumudzi amene amayenda makilomita ambiri kukatenga glibenclamide alibe gulu lotere, ndipo amene angamufikire ndi Unduna wanu.

Pa 5 Meyi 2023 bungwe la WHO linalengeza kuti Covid-19 yasiya kukhala ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse lapansi. Kuno kwathu tinalibe mpata wopumira. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700, ndipo wodwala shuga akatsegula m'mimba ngozi yake ndi yowirikiza. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola nyumba m'chigawo cha kumwera pamodzi ndi mabotolo a mankhwala ndi timabuku takuchipatala, anthu n'kukakhala m'misasa momwe chakudya chinali phala ndi nsima. Tsoka lililonse limatifunsa funso lomwelo limene Covid inatifunsa, ndipo lotsatira silidzatumiza mthenga. Akulu anati nkhanga zinapangana kusanapse.

Pa 10 Okutobala timakumbukira thanzi la m'maganizo, pa 14 Novembala timakumbukira matenda a shuga, ndipo masiku awiriwa amachitika padera, ndi matisheti osiyana, ngati akunena za anthu osiyana. Ndikukupemphani kuti chaka chino, pakati pa masiku awiriwo, musankhe chipatala cha boma chilichonse, mufike m'mawa kwambiri popanda mdipiti wa galimoto, mukhale nafe pa benchi. Mufunse amene mwayandikana naye kuti wagona bwanji, ndipo mudikire yankho lachiwiri, chifukwa loyamba lidzakhala lakuti ndadzuka bwino.

Kabuku kanga kachinayi katsala ndi masamba ochepa. Ndikupempha kuti kachisanu kadzakhale ndi mzere wolembapo za mtima wanga, ndipo kumapeto kwa mzerewo kudzakhale munthu woti andithandize.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma ntchito,
wodwala shuga kuyambira 2011.